Kabokosi ka Pakati ndi Mlatho wa ku Iwalani

M'ufumu wa Zilibwino bodza linathetsedwa ndi lamulo m'chaka chachinayi cha Mfumu Sindilakwa Woyamba. Kuyambira pamenepo palibe ananamanso. Anthu anangophunzira kufunsa bwino.

Mfumu yakaleyo isanatsikire kuli chete, inasiyira mwana wake zinthu zitatu: mpando, matenda a shuga, ndi kompyuta yotuwa ya m'chipinda cha milandu. M'kompyutamo munali pulogalamu ya mabatani khumi ndi awiri, batani lililonse funso lake. Lachinayi linkafunsa kuti ndi anthu angati agona ndi njala. Lachisanu ndi chiwiri, kuti ndi milatho ingati yagwa. Lomaliza, kuti ndi mudzi uti umakonda mfumu koposa. Mfumu ikadina batani, funso linkayenda pa waya kudutsa pansi pa bwalo la nkhanga mpaka ku Nyumba ya Kaundula, kumene makina aakulu ankasunga mbiri ya munthu aliyense, mjigo uliwonse ndi mlatho uliwonse. Boma linkachita zimene makina ayankha, osati zimene maso aona. Maso, inkatero mfumu yakale, ali ndi achibale.

Panalinso lamulo lina, lakale kuposa kompyutayo: chilichonse chimene mfumu yakhudza ndi khungu lake sichichotsedwa, sichisinthidwa, sichikonzedwa. Kumbuyo kwa mfumu kunkayenda mkulu wina wonyamula chitini cha penti wofiira, ntchito yake kudontheza pa zokhudzidwa. N'chifukwa chake mumzinda wa Mubweremawa mpaka lero muli chitseko cha chipatala chosatsekeka, mpando wa ometa wa miyendo itatu, ndi mbuzi ina imene inafa ndi ukalamba ikudya ndiwo za eni pamsika. Pulogalamu ija nayo inali ndi dontho lake lofiira. Zala za mafumu awiri zinaidina.

Vuto linali lakuti inkachedwa. Amene anailemba, anthu a kampani ina imene inasowa ngati mame, anaiwala kuiuza kuti anthu amafa. Tsono Sindilakwa Wachiwiri akafunsa za anjala, makina ankayamba kuwerenga kuchokera pa njala ya makolo, kuphatikizapo onse a kumanda, ndipo yankho linkabwera patatha masiku atatu, mfumu itaiwala kale chimene inafunsa.

Apa m'pamene anabwerera kwawo Sekerani Kadammanja, atakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kumaiko ozizira, kumene ankasamalira makina otere m'makampani a ndege. Anabwera ndi jekete lolemera, bondo lowawa, ndi mzinda wina m'mutu mwake umene sanaupezenso. Mibawa ya mumsewu waukulu anaidula kuti chipilala cha mfumu chizioneka kuchokera kutali. Laibulale imene anaphunziramo kukonda mabuku inali itasanduka mosungiramo mbendera. Mayi ake anawapeza atagona zaka zisanu ndi zinayi kumudzi ku Iwalani, ndipo manda awo anali asanawaonebe. Ankati apita akakhazikika. Kukhazikika kwa munthu wamanyazi kumatenga nthawi.

Atamva za vuto la kunyumba yachifumu, anapita yekha kukadzipereka. Anauza nduna kuti pulogalamuyo saikhudza n'komwe. Anapempha kachipinda kosungiramo matsache, pamene wayayo ankadutsa, nadula wayayo, naikapo kabokosi kakuda kakukula ngati buledi. Anawafotokozera kuti kabokosiko kali ngati womasulira wa pabwalo la milandu, amene munthu akalankhula mozungulira, iye amafikitsa kwa woweruza zowongoka. Funso likachoka kwa mfumu, kabokosi kamaligwira panjira, n'kulilembanso, n'kulipititsa. Pulogalamu siidziwa kuti funso lake lasintha malaya, Kaundula nayenso sadziwa kuti linanyamuka litavala zina. Mzere woyamba umene Sekerani analembamo unali woona mtima: pa funso lililonse lokhudza anthu, onjezera kuti amoyo okha.

Mfumu inadina batani, ndipo isanamalize kuyetsemula yankho linali pagalasi. Inakondwa kwambiri mpaka inaiwala mwambo, n'kumugwira Sekerani chanza. Mkulu wa penti sanachedwe, anamudontheza padzanja. Anamutcha Mlonda wa Waya, nampatsa nyumba ya boma ya madzi otentha, ndi chilolezo cholemba mzere uliwonse wofulumizitsa mafunso. Madzulo ake mlembi anamufotokozera tanthauzo la dontholo: sadzachotsedwa ntchito, sadzakwezedwa, sadzasamutsidwa. Iye ndi matsache mpaka imfa.

Sabata isanathe, nduna zinadziwa njira ya kukachipindako.

Yoyamba inali nduna ya zakudya, a Chamimba, amene analowa chammbali chifukwa cha kuchepa kwa chitseko. Anati funso lachinayi n'labwino, koma n'losalongosoka. Wanjala weniweni ndani? Aliyense amayasamula. Tsono pafunika kuonjezera kuti: ndipo anabwera yekha kudzalembetsa ku ofesi ya boma atavala nsapato. Sekerani anati limenelo ndi bodza. A Chamimba anamufunsa modekha kuti awasonyeze liwu labodza pamenepo. Mfumu ifunsa zoona, Kaundula ayankha zoona, iwo angothandiza awiriwo kumvana. Kenaka anatulutsa kalata ya chidindo cha bwalo la nduna, ndipo mzere wolembedwa ndi chidindo sufufutidwa popanda chidindo china.

Sekerani anali atawerenga mabuku ambiri onena za anthu ophunzira amene amatumikira mafumu opusa, ndipo onsewo ankawanyoza. Koma palibe buku ndi limodzi lomwe linamuchenjeza za kukoma kwa madzi otentha pa bondo lowawa m'mwezi wa Juni. Analemba mzerewo. Anjala m'dziko lonse anatsala khumi ndi mmodzi, ndipo onse anali amesenjala a ofesi yomweyo.

Pambuyo pake panabwera a Chigamba, nduna ya misewu ndi milatho, munthu woonda, wa mawu ofewa ngati a wogulitsa mankhwala a makoswe. Iwo anangopempha mawu anayi pa funso lachisanu ndi chiwiri: milatho imene yagwa, ndipo ikadali pamalo pake. Mlatho umene madzi atenga, anatero a Chigamba, suli pamalo pake, tsono n'kulakwa kuuneneza kuti wagwa pamene mwina uli paulendo. Chaka chimenecho m'Zilibwino simunagwe mlatho.

Pamsika wa Ongopenya nkhani zimenezi ankazilandira mwaulemu. Mayi wina wogulitsa bonongwe ankauza ogula kuti chithereni njala iye wakhala akuonda ndi chimwemwe. Wosoka nsapato anasamutsira benchi yake pakhomo la ofesi ya zakudya, kuti anjala azibwereka nsapato polowa, koma boma linamuthamangitsa pa mlandu wofuna kuchulukitsa njala.

Tsiku lina m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, Sekerani anapeza mayi wina atakhala pa ndowa yovundikira m'kachipinda kake, dengu la anyezi lili pambali. Anali achemwali ake aakulu, a Falesi, amene anatsala kumudzi zaka zonsezo, kudwazika mayi, kuwaika, ndi kuyankha anthu ofunsa kuti mwana wamwamuna ali kuti. Sanadzuke.

"Achimwene, akuti ndinu mumachapa mafunso a mfumu asanafike."

Sekerani anayamba kufotokoza za waya. A Falesi anamudula. Anati mlatho wa pa mtsinje wa Ndikumeze unapita dzinja lachitatu lapitalo. Chilimwe anthu amawoloka madzi ali m'chifuwa, katundu pamutu, dzinja amangoyang'anana ndi tsidya lina. Chaka chatha mwana wa a Nachisale anachirira pagombe, mwana wakhandayo sanalire. Ndipo mwala wa chiliza cha mayi, umene iye Sekerani anatumiza ndi mawu ambiri achikondi akadali kunja, wakhala zaka ziwiri pansi pa mkuyu tsidya lino, mbuzi zikunolerapo nyanga, chifukwa palibe phewa lingawoloke nawo. Akubanja agwirizana kuti mvula ikagwa chaka chino mwala usanafike, auleke, ndipo dzina la mwana wamwamuna aleke kulitchula pamanda.

"Mayi akumwalira ankati mwana wanga ali kutali. Pano muli pafupi. Ndiwauze chiyani?"

Sekerani anavala jekete lake lolemera napita ku bwalo la nduna. Anagwada, nanena kuti mlatho wa ku Iwalani kulibe, ndipo akupempha chidindo chofufutira mawu anayi aja. A Chigamba anayankha kwa ola lathunthu. Anayamikira mzimu wa mfumu yakale, anayamikira mvula, anayamikira ngakhale Sekerani, amene anati wakhalitsa kunja ndipo n'zomveka kuti akuonabe zinthu ndi maso. Anamaliza ndi kunena kuti mlathowo sunagwe koma unasamuka, ndipo unduna wawo ukhazikitsa komiti yofufuza kumene unalowera, kuti ngati wapeza malo abwino usasokonezedwe. Nduna zinaomba m'manja. Mfumu, imene inkasinza chifukwa cha shuga, inatambasula chala n'kudina batani lachisanu ndi chiwiri. Pagalasi panabwera ziro.

"Makina a bambo anga sanama," inatero mfumu, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Sekerani anabwerera kwa matsache ake. Anatsegula mndandanda wa mizere ya m'kabokosi, imene tsopano inali mazana atatu ndi mphambu, uliwonse ndi chidindo cha mwini wake. Anaiwerenga yonse ngati munthu wowerenga machimo ake. Ndipo anaona kuti batani lomaliza linalibe mzere. Palibe nduna inalivutikira, chifukwa linkayenda bwino lokha: pulogalamu inkayeza chikondi powerenga nkhuku zimene mudzi watumiza kunyumba yachifumu, ndipo chaka ndi chaka unkapambana mudzi wa apongozi a Chigamba, umene unali m'mbali mwa tala, pafupi ndi khola la boma. Mwambo unali wakuti pa tsiku lake lobadwa mfumu idine batanilo pamaso pa anthu, ndipo pakatha masiku asanu ndi anayi ipite kumudziko kukakondedwa.

Kuwerenga nkhuku kumachedwa, anaganiza Sekerani, chifukwa pali zoyera, zakuda, ndi zofera panjira. Kuwerenga makalata n'kwachangu. Ndipo iye anali ndi chilolezo chofulumizitsa. Analemba mzere umodzi: funso la nkhuku likamadutsa, lisanduke lakuti, ndi mudzi uti umene makalata ake odandaula afika ochepa koposa m'zaka zitatu zapitazi? Anauyang'ana kwa nthawi. Munalibe liwu labodza. Wamtengatenga wa makalata sadziwa kusambira.

Pa tsiku lobadwa, bwalo la nkhanga linadzaza. Apongozi a Chigamba anali atavala kale nsalu yatsopano. Asilikali anaimba malipenga, mfumu inakweza chala, inadina, ndipo wolengeza anawerenga pagalasi mokweza asanaganize: Iwalani.

Mfumu inafunsa kuti Iwalani ali kuti. Nduna zinayang'ana a Chigamba. A Chigamba anayang'ana kuchitseko cha kachipinda ka matsache, kenaka anagwada, nati ndi mudzi wokongola, wa anthu ofatsa, ndipo njira yake ndi yabwino zedi.

Zimene komiti ikanafufuza zaka khumi zinachitika m'masiku asanu ndi atatu. Malole anatuta zitsulo ndi matabwa, akaidi anakumba, ndipo pa Ndikumeze panaima mlatho wa zogwirira zonyezimira. Madzulo a tsiku lachisanu ndi chitatu a Chigamba anadzera kwa Sekerani, namwetulira. Anati amamuyamikira nzeru, ndipo n'zachisoni kuti dontho lofiira likumuteteza, chifukwa munthu wotere amayenera kukapuma kumalo abata. Koma adziwe chinthu chimodzi. Popeza m'Kaundula simunagwe mlatho, palibe mlatho wamangidwa. Chimene chili pa Ndikumeze ndi chokongoletsa cha mwambo, chomanga ndi mabawuti okha. Mfumu iwoloka ili m'galimoto, ndipo matayala si khungu. Mawa lake lomwe, anyamata amasula mabawuti.

Sekerani anakwera lole ya mipando nafika pamtsinje dzuwa likulowa. Mwala wa mayi unali pomwepo pansi pa mkuyu, dzina lawo litadzaza ndowe za mbuzi. Asilikali sankalola munthu kuponda mlatho mfumu isanadutse, tsono anawoloka m'madzi, buluku pamutu, bondo likulira. Anauza a Falesi zonse, nati walephera. A Falesi anali kusenda anyezi. Anamufunsa ngati mfumu imaopa madzi. Sekerani anati anamva kuti imasambira m'beseni, itagwira anthu awiri.

"Basi. Inu zanu za waya mwatha. Kagoneni."

M'mawa mwake mdipiti wa magalimoto makumi anayi unafika pagombe n'kuima. Sukanachitira mwina. Pa mlatho wonse, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya lina, panali amayi a ku Iwalani atagona chogubuduka, akululutira, monga amachitira polandira mlendo wolemekezeka koposa. A Falesi anayenda chogwada mpaka pawindo la galimoto ya mfumu.

"Mwinidziko, makina anena zoona. Zaka zitatu osatimva kudandaula. Tsono chikondi chatipweteka, sitingadzuke pokhapokha tione mapazi anu akuyenda pakati pathu. Mukafuna kudutsa ndi galimoto, tipondeni, tifa tikumwetulira."

A Chigamba ananong'oneza za fumbi, za dzuwa, za shuga. Koma mfumu inali isanakondedwepo chotero. Kwa apongozi a Chigamba ankangoipatsa nkhuku. Inatsika, misozi ili m'maso. A Chigamba anayang'ana nsapato zachifumu, zachikopa chokhuthala, ndipo mtima wawo unakhala pansi pang'ono. Nsapato nazonso si khungu.

Mfumu itafika chapakati, a Falesi anayambitsa nyimbo. Amayi onse anadzuka nthawi imodzi n'kuyamba chimtali, miyendo mazana awiri ikuponda pamodzi. Mlatho wa mabawuti unayamba kuvina nawo. Mfumu inayang'ana pansi, inaona Ndikumeze akudutsa pakati pa matabwa, ndipo inagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri. Sinachisiye. Inayenda chokwekwereza manja mpaka kumapeto, ndipo itafika pa thabwa lomaliza inakhala pansi, zikhatho zili pa matabwa, ikupuma ngati ng'ombe yapangolo. Mkulu wa penti, amene sadziwa ndale koma ntchito, ankatsatira pambuyo akudontheza, mpaka chitini chinatha n'kutumiza munthu kukatenga china.

Polankhula kwa anthu, mfumu inati sinaonepo chikondi chogwedeza chotere. A Chigamba anaomba m'manja pamodzi ndi onse, ndipo anthu amene anali pafupi akuti manjawo sankamveka.

Nkhaniyo inafika pamsika wa Ongopenya mfumu isanafike kunyumba. Chinsinsi cha makalata sichinabisike, pakuti amesenjala ali ndi makutu. Mwezi usanathe, midzi yonse ya milatho yosamuka ndi mijigo yopuma inaleka kulemba madandaulo. Ena anafika pobisa wamtengatenga wawo m'nkhokwe. Nduna zinalengeza kuti m'mbiri yonse ya Zilibwino anthu sanakhutirepo chotere, ndipo mayi wa bonongwe uja anati n'zoona, iye wakhutira mpaka sakutha kuyankhula.

Koma izo zinali za m'tsogolo. Tsiku lotsatira ulendo wa mfumu, anyamata a unduna anafika ndi masipanala, naona madontho ofiira kuyambira kuno mpaka uko, nabwerera osatsika m'lole. Masana ake ngolo ya ng'ombe ziwiri inawolotsa mwala ndi matumba a simenti. Sekerani anautsuka yekha ndi madzi a mumtsinje. Kumanda, munthu amene anakonzera mfumu mafunso mazana atatu anasiyira achemwali ake kulankhula. A Falesi anauza mayi mwachidule kuti uja ankakhala kutali wabwera, wakalamba, koma ndi yemweyo.

Pobwerera, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, awiriwo anaima pakati pa mlatho. Chimtali cha dzulo chinali chitasiya chizindikiro: bawuti imodzi inali itamasuka, thabwa lake likugwedera. Sekerani anawerama, dzanja lake la dontho lofiira likupita lokha kukaimanga. A Falesi anamumenya padzanjapo.

"Mukufuna kukafera kundende? Chakhudzidwa ichi. Sichikonzedwa."

Sekerani anati ndiye thabwalo liwola, ndipo pakatha zaka zisanu mlatho wonse udzakhala msampha. A Falesi anasenza dengu lawo, naliponda thabwalo kuti alimve.

"Likawola sitidzalikhudza. Tidzangoyala lina pamwamba pake, lakalelo lili pansi ndi dontho lake, osadziwa kanthu. Si mmene mumachitira kuntchito kwanu, achimwene?"